Kiyi Timapereka kwa Amayi

Makoleji a ubusa anali awiri. Ina pafupi, ina kutali.

Yapafupi inali tsidya la msewu, pamwamba pa sitolo ya zitsulo ndi penti. Mafiriji ankaiona tsiku lililonse ali pakhonde la shopu yake. Dzinali anamupatsa ndi anthu a mumsewuwo, poti ntchito yake inali yomweyo, kukonza mafiriji. Dzuwa likamalowa, anthu oweruka kuntchito ankakwera masitepe aja, Mabaibulo m'khwapa. Alonda, aphunzitsi, mayi wina wogulitsa nsalu. Ankayamba ndi nyimbo, mawindo ali otsegula. Penti akununkha pansi, iwo akuimba pamwamba.

Yakutali inali ya mpingo wake. Ulendo wa theka la tsiku. Zaka zinayi. Ukamaliza amakudzoza, amakuveka kolala ya ubusa m'khosi, amakupatsa mpingo. Imeneyo ndi imene Mafiriji ankaifuna. Kulalikira ankalalikira kale, pamaliro ndi pa mapemphero a mkati mwa sabata, ndipo anthu ankati ali ndi mphatso. Koma ikafika nthawi ya ubatizo kapena mgonero, ankabwerera pa benchi. Zimenezo zinkamudya. Anayamba kuifuna kolejiyo tsitsi lisanayambe kuthawa pamphumi. Tsopano nthawi inali itamuthera. Kumeneko sankalandira munthu wopitirira zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo iye anali pakhomo penipeni pa zakazo. Chaka chino, apo ayi basi.

Mkazi wake anali mzamba pachipatala cha m'tauni momwemo. Ndi iye amene anatchula koleji yapafupi ija, tsiku lina akusita yunifomu.

"Bwanji osangoyamba pamwamba pa sitolo paja, abambo? Masana mafiriji, madzulo Baibulo. Kugona kunyumba."

"Paja? Amayi, mukufuna ndituluke m'busa wonunkha penti?"

"Mulungu sadana ndi penti."

"Mpingo wathu maphunziro a paja suwawerengera. Ndikamaliza ndidzakhala ndani? Wokonza mafiriji wodziwa mavesi."

Mkaziyo anatembenuza yunifomu, nasita mbali ina. Mafiriji anati nkhani yatha.

Lachitatu lina anapita kwa abusa. Anawapeza m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, akumata Baibulo lawo ndi selotepi.

"A Mafiriji, mwaganiza bwino? Kumeneko munthu sapita yekha. Wapabanja amapita ndi mkazi wake. Inu m'kalasi, iwo kusukulu ya amayi busa. Kuphunzira kutsogolera amayi, kuyendera odwala, kulandira alendo. Zaka zonse zinayi. Ngati ali pantchito, amasiya. Lamulo limenelo silinasinthepo chiyambireni koleji." Anadula selotepi ndi mano. "Nanga amayi avomera?"

Funsolo linabwera mwadzidzidzi. Mafiriji anangomva pakamwa pake pakuyankha pokha.

"Avomera, abusa."

"Alemekezeke Mulungu. Ambiri amagwera pamenepa."

Anatuluka. Chonsecho iye anali asanamufunse n'komwe mkazi wake. Anadziuza kuti amufunsa madzulo omwewo. Madzulo mkaziyo anafika atatopa, mapazi atatupa, nawaviika m'beseni. Iye anati mawa. Mawa lake kunabwera firiji ya ku butchala, nyama ikuwonongeka. Anati Loweruka. Kunena zoona, ankaopa. Funso limakhala ndi mayankho awiri. Iye ankafuna limodzi lokha.

Lamulungu mlembi wa mpingo anaimirira ndi zolengeza. Maliro, ukwati, tsiku losesa pabwalo. Kenaka anakweza mawu.

"Mbale wathu a Mafiriji pamodzi ndi mayi akunyumba adzipereka kukaphunzira ubusa. Tiziwapempherera."

Anthu anawomba m'manja. Mafiriji anasuzumira kumene kunakhala mkazi wake. Amayi anzake anali atamuzungulira, wina akumukumbatira, wina akumugwedeza phewa. "Amayi busa! Kubisa konseku?" Iye akumwetulira. Kumwetulira kwa kuntchito, kumene amamwetulira kwa mwamuna wodikira panja pa wodi zinthu zisanadziwike.

Atafika kunyumba mkaziyo anavula nsapato, natereka ketulo.

"Lero ndamva nkhani yabwino kutchalitchi," anatero.

"Ndimati ndikuuzeni, amayi. Abusa afulumira."

"Shuga watha. Mumwa choncho?"

"Ndimwa."

Anamwa tiyi wowawayo. Anadikira kuti mkazi wake akalipe, kuti naye apeze poyambira. Sanakalipe. Anatsuka makapu, nakagona pang'ono. Mafiriji anati ndiye kuti zili bwino.

Mwezi wotsatira anawaitana ku koleji kuti akawafunse mafunso. Onse awiri. Kolejiyo inali paphiri, mpanda wa waya, maluwa odulira bwino. Kumunsi kwake kunali mzere wa tinyumba ta ophunzira apabanja. Tonse tofanana, chitseko chobiriwira, waya woyanikira zovala kuseri. Mafiriji anasankhiratu kamodzi ndi maso. Ka kumapeto, kokhala ndi mthunzi.

Anawalowetsa mu laibulale. Tebulo lalitali, akuluakulu atandandalika mbali imodzi. Pakati pawo mkulu wa koleji, bambo wowonda, wolankhula motsitsa. Anamufunsa Mafiriji za maitanidwe ake. Anafotokoza. Za tsiku limene magetsi anamugwira ali kuseri kwa firiji ya pa hotela, n'kumuponyera kukhoma. Mmene anadzukira akudziwa kuti moyo wotsalawu si wakenso. Nkhaniyi ankadziwa kuifotokoza. Akuluakulu anagwedeza mitu.

Kenaka mkuluyo anatembenukira kwa mkazi.

"Amayi, tamva kuti ndinu mzamba."

"Eya, abambo."

"Ntchito yabwino. Koma kuno simudzaigwira. Mwavomera kuisiya n'kubwera ndi amuna anu?"

Mkaziyo anayang'ana mwamuna wake. Osati nthawi yaitali. Anaona jekete lobwereka, lothina m'mapewa. Thukuta m'khosi. Manja a zipsera atawapanikiza pakati pa mawondo. Kenaka anayang'ana akuluakulu aja.

"Inde."

Mafiriji anamva ngati amutula firiji pamsana.

M'basi pobwerera analankhula yekha njira yonse. Za kanyumba ka kumapeto. Za kadimba kamene angalime kuseri. Za tsiku lomudzoza, amene adzawaitane, amene sadzawaitana. Mkazi wake anatsamira pawindo, maso ali kunja. Mwa apo ndi apo ankati, "Mm."

Anamulandira. Uthenga unadzera kwa abusa. Shopu anaisiyira munthu wina wogulitsa mafoni. Zida anagawa, botolo la gasi kwa uyu, masipanala kwa uyo. Anasungako sikuludiraiva imodzi yokha, ya chogwirira chofiira, poti inali ya malemu bambo ake. Mumsewu anayamba kumutchula kuti abusa. Poyamba moseka, kenaka mozolowera. Mphunzitsi wa pamwamba pa sitolo anatsika tsiku lina kudzamugwira chanza.

"Mukatikumbukire kumeneko, mbale."

"Musadandaule. Tizidzakutumizirani mabuku amene tamaliza nawo."

Mafiriji anaseka yekha.

Mkazi wake ankapitabe kuntchito. M'mawa uliwonse yunifomu, wotchi pachifuwa, chikwama paphewa. Mafiriji ankaona. Anadziuza kuti akungomalizitsa mwezi. Zoti watsanzika kuchipatala sanamve. Sanafunsenso.

Tsiku losamuka lole inafika m'mamawa. Woyendetsa anali mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, munthu wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatseka.

"Alamu! Kapena tiziti abusa? Ife achibale mudzatikhululukira machimo osaima pamzere, eti?"

"Nyamulani mipando, alamu. Machimo anu mu lole muno sangakwane."

Anakweza mipando, tebulo, makatoni a mabuku. Firiji anaikweza mwini wake, choimirira, naimanga ndi zingwe. Firiji saigoneka. Atabwerera m'nyumba kuti akamasule bedi, anapeza mkazi wake ataima pakhomo la kuchipinda. Atavala yunifomu.

"Bedi mundisiyire."

Mafiriji anaseka pang'ono. "Nanga kumeneko tikagona pa chiyani?"

"Ine sindikupita, abambo."

Ananena mofatsa, ngati akuuza wodwala nthawi yomwera mankhwala.

"Amayi, musasewere. Lole ili panja."

"Ndaiona."

"Munavomera. Pamaso pa akuluakulu. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Mumafuna nditani? Ndikuvuleni pagulu, mutavala jekete la eni ake? Anandifunsa ndi iwo. Ndinayankha iwo. Inu munandifunsa liti?"

Mafiriji anayang'ana bedi lija.

"Ndakhala ndikudikira," anatero mkaziyo. "Kuyambira tsiku la zolengeza lija. Ndimati lero andifunsa, lero andifunsa. Timagona bedi limodzi, abambo. Si kutali."

"Ndiye mwadikira mpaka lole ifike pakhomo?"

"Pamenepo ndalakwa. Nanenso ndimaopa." Anayang'ana wotchi. "Ndachedwa. Kuwodi kwatsala nesi mmodzi yekha."

Anatenga chikwama, natuluka. Panja anapatsana moni ndi mchimwene wake. Kenaka geti linalira.

Mlamu analowa akupukuta manja pa thalauza. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Titsitse, alamu?"

"Ayi. Tiyeni."

"Mlongo wangayu ndimamudziwa ine. Kuyambira ali mwana, akati ayi..."

"Wangokwiya. Akabwera madzulo n'kupeza m'nyumba mulibe kanthu, aganiza bwino. Mawa akwera basi. Mulungu sangandifikitse pano n'kundisiya."

"Inu ndi amene mumalankhula naye."

Bedi analisiya. Anakhoma chitseko, kiyi namukankhira mkati kunsi kwa chitsekocho. Sankamufunanso. Mkazi wake anali ndi wake.

Anafika ku koleji dzuwa lili paliwombo. Pa mzere wa tinyumba panali piringupiringu. Malole, matiresi, ana akuthamangitsana. Amayi akusesa m'makonde. Pansi pa mtengo panakhala woyang'anira nyumba, mdala wovala ovolosi, makiyi ali pa waya m'khosi. Banja likafika ankaimirira, kuvula chipewa, kumasula kiyi mmodzi n'kumuika m'dzanja la mkazi. Mwamuna ankangoima pambali, akumwetulira.

Mafiriji anafika, natambasula dzanja.

"Takulandirani, abambo," anatero mdalayo. "Amayi ali kuti?"

"Abwera mawa."

"Ndiye kiyi adzalandira mawa."

"Katundu ali pa lole, achikulire. Ndingotsitsa basi."

"Kiyi timapereka kwa amayi. Ntchito ino ndinayamba ndili ndi mano onse, sindinamupatsepo mwamuna." Sananene mwachipongwe. "Kale ena ankabwera okha, ati amayi abwera mawa. Mawa lake mpaka chaka kutha. Kumudzi mkazi akuvutika ndi ana, kuno bambo akuphunzira za chikondi. Ndiye akuluakulu anati basi, tizimuona mayiyo ndi maso."

"Ndivale diresi ine, mdala?" anatero mlamu.

Palibe anaseka.

Mafiriji anakwera ku ofesi. Mkulu wa koleji anamumvetsera mpaka kumapeto, manja ali patebulo.

"Amayi akudwala?"

"Ayi."

"Kwagwa zovuta?"

"Ayi."

"Ndiye tiuzane zoona, mbale. Abwera?"

"Ndiikeni kaye ku hositelo ya anyamata. Ndigona paliponse, ngakhale pansi."

"Munthu wapabanja sitimugoneka ndi anyamata. Tikatero ndiye kuti koleji ikuthandiza kupasula banja. Mawa m'mawa tili ndi mapemphero otsegulira. Mabanja amalowa awiriawiri. Amayi akapezeka, malo ndi anu. Akapanda kupezeka, pali wina akudikira."

"Chaka chamawa ndidzakhala nditapitirira zaka."

"Ndikudziwa." Mkuluyo anavula magalasi, napukuta m'maso. "Aimbireni foni."

Anakaima kuseri kwa laibulale, pamene panali kamthunzi ndi mpopi wodontha. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Ulendo uno inayankhidwa. Kumbuyo kunkamveka mawilo a bedi, chitsulo chikugwera m'mbale, khanda likulira mwaukali.

"Mwafika bwino?" anafunsa mkaziyo.

"Tafika. Akana kundipatsa kiyi. Akuti mpaka inu."

"Pepani."

Panjira Mafiriji anali atakonza zonena. Mavesi. Za mkazi ndi mwamuna, za kumvera, za kusiya zonse. Onse anali pa lilime. Anawameza.

"Amayi. Ndikufunseni."

"Funsani."

"Kodi mukufuna kubwera kuno? Kusiya ntchito, kudzakhala nane zaka zinayi?"

Khanda lija linali litatonthola.

"Ayi, abambo. Sindikufuna."

"Ngakhale mawa lokha. Mudzangolandira kiyi, n'kulowa nane m'mapemphero. Kenaka tiona."

"Ndidzaname kachiwiri? M'tchalitchi?" Anapuma. "Mwana amene mumamumva akulirayu watuluka osapuma. Ndalimbana naye mpaka walira. Manja angawa amadziwa zimenezi basi. Kumeneko ndizikaphunzira kuyala tebulo la alendo. Ndingadzakudeni, abambo. Sindikufuna kudzakudani."

Mafiriji anayang'ana mpopi uja. Dontho, dontho. Mkati mwatha labala, anaganiza. Ntchito ya kanthawi kochepa.

"Ndikanakufunsani kale," anatero. "Musanamve kutchalitchi. Mukanati chiyani?"

"Sindikudziwa. Mwina tikanakangana sabata yonse. Mwina mukanandigonjetsa. Inu mukamanena za Mulungu mumandifika pamtima, mukudziwa. Mwina ndikanabwera."

Wina anakuwa kumbuyo. "Anesi! Anesi!"

"Akundifuna. Muyende bwino."

Foni inaduka.

Ku ofesi sanabwererenso. Anatuma mdala wa makiyi kuti akauze mkulu kuti iye akubwerera kwawo. Mdalayo anaimirira, navula chipewa ngati pamaliro. Pa kanyumba ka kumapeto mayi wina anali atakwera pa mpando, akupachika makatani. Mwamuna wake atamugwirira mpandowo.

Pobwerera mlamu sanayatse wailesi. Lole inkagunda m'maenje, firiji kumbuyo ikukoka zingwe.

"Pamwamba pa sitolo paja akulembabe anthu?" anafunsa mlamu.

"Anatseka mwezi watha."

"Chaka chamawa ndiye. Paja sayang'ana zaka."

"Paja palibe kolala."

"Alamu, kolala ndi kansalu chabe."

Mafiriji anayesa kupemphera chamumtima. Anayamba bwino, mawu amene ankawadziwa, amene ankalimbitsa nawo anthu pamaliro. Anathera panjira. Sanadziwe choti apemphe. Kuti mkazi wake asinthe maganizo? Anali atamufunsa, ndipo anali atayankha.

Analowa m'tauni dzuwa likulowa. Njira ya kunyumba inkadutsa mumsewu wake womwe uja. Pa shopu paja dzina lake linali litafufutidwa kale. Penti wachikasu, chithunzi cha foni. Tsidya lina mawindo anali otsegula. Akuimba. Mafiriji anatsetsereka pampando kuti asamuone. Wometa tsitsi wa pakona anamuonabe.

"Abusa! Mwamaliza kale?"

Kunyumba chitseko chinali chokhoma. Mkazi wake anali asanaweruke. Mafiriji anapisa m'thumba. Munali sikuludiraiva ya bambo ake basi. Anagwada, nasuzumira kunsi kwa chitseko. Kiyi anali pomwepo, pasimenti, pamene anamukankhira m'mawa. Analowetsa sikuludiraiva. Inaperewera pang'ono. Anayesa chammbali. Inamukhudza, n'kumukankhira mkati.

"Tithyole?" anafunsa mlamu.

"Ayi."

"Ndiye mudikire mlongo wanga. Koma lole ikufunika m'mamawa, alamu. Eni ake sandimvetsa."

Anatsitsira zonse pabwalo. Mipando, tebulo, makatoni. Firiji pomaliza. Mlamu anangomugwira paphewa, nakwera lole.

Mafiriji anakhala pa mpando wake wa pabalaza, panja, pakati pa katundu. Kwa aneba katani inasuntha. Firiji inaima pambali pake, chingwe chili lendelende. Madzi oundana anali atasungunuka tsiku lonse. Tsopano ankatuluka kunsi kwa chitseko chake, n'kumayenderera pang'onopang'ono pasimenti, kulowera kumene kunali makatoni a mabuku. Anafika pa katoni yoyamba. Pansi pake panayamba kuda.

Mafiriji anaona. Sanadzuke.